Perefyumu wa maluwa m'dzuwa la ku Salima: mafunso ndi mayankho

Ndili ndi kashopu ka zodzola pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Ndisanayambe geni imeneyi ndinagwira ntchito yolandira alendo kwa zaka zingapo pamalo ena ogona ku Senga Bay, ndipo mphuno yanga inaphunzirira kumeneko. Mlendo aliyense ankafika ndi fungo lake. Ena ndinkawafunsa dzina la zomwe adzola, ena pochoka ankandisiyira kabotolo kotsala pang'ono. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amayi, atsikana ndi abambo ena amandifunsa akaima pakauntala, ndipo ndawalemba momwe amafunsira. Mayankho ndi a mphuno yanga ndi khungu langa, m'dzuwa lathu lino la m'mphepete mwa nyanja.

Achemwali, mukamati perefyumu "wopepuka" mumatanthauza chiyani? Si onse amanunkhira?

Kununkhira amanunkhira onse, koma si onse amakhala bwino ndi anthu. Ngati munadutsapo madzulo pansi pa mtengo wa frangipani, uja wa maluwa oyera okhala ndi chikasu pakati umene wadzaza m'mabwalo a ku Senga Bay, mukudziwa kale zomwe ndikunena. Masana mumangoona maluwa. Dzuwa likapendeka, kamphepo n'kuwomba kuchokera kunyanja, kafungo kamakupezani, kotsekemera, kofewa ngati mkaka wofunda. Mukayenda mapazi asanu, kasowa, ndipo mumabwerera m'mbuyo dala kuti mukamvenso. Perefyumu wopepuka ndi wotero. Amakusiyani mukufunabe.

Wolemera ndi uja amalowa m'chipinda mwini wake asanalowe, n'kutsalamo mwini wake atafika kale kunyumba. Ali ndi malo ake, monga kuphwando la ukwati madzulo kapena kuchinkhoswe cha mu June. Koma wa tsiku ndi tsiku, wopita naye ku ofesi, kukalasi, kumsika, wokwera naye kabaza kapena minibasi, ine ndimafuna amveke kwa munthu amene ndikupatsana naye moni wa pamanja. Amene ali tsidya lina la msewu asamumve.

Pabotolo pamalembedwa EDT, pena EDP, pena body mist. Kusiyana kwake n'kotani?

M'botolo muli zinthu ziwiri zikuluzikulu: mafuta a fungo, ndi alcohol, amene ambirife timangoti sipiriti. Sipiritiyo ntchito yake ndi kunyamula mafutawo, kuwamwaza pakhungu, iye n'kuuluka. Zilembozo ndi zidule za mawu a Chifalansa ndipo zimanena kuchuluka kwa mafuta. Mu EDP, yemwe ndi eau de parfum, mafuta amakhala magawo 15 mpaka 20 pa magawo 100 alionse. Mu EDT, eau de toilette, amakhala magawo 5 mpaka 15. Mu eau de cologne ndi magawo 2 mpaka 4 basi, ndipo body mist amakhala chapompo kapena kutsikirapo.

Anthu ambiri akamva izi amathamangira EDP poganiza kuti ndiye wopambana. Kwa ife a kuno, kuyambira September mpaka mvula itakhazikika, ine ndimasankha EDT. Kutentha kumakweza fungo ngati momwe moto umakwezera fungo la ndiwo, ndiye chimene ku Dedza kapena ku Mzuzu chimamveka chofatsa, kuno chimakuwa.

Ndikapopera m'mawa, pofika 10 koloko watha. Kodi anandigulitsa madzi?

Mwina ayi. Perefyumu amamangidwa ngati nyumba ya zipinda zitatu. Fungo loyamba limene mumamva mukangopopera, la ndimu, la zipatso, la masamba aawisi, limakhala mphindi zochepa chabe. Kenako pamabwera la pakati, ndiwo maluwa enieniwo, rozi, jasmine ndi ena, ndipo limakhala maola angapo. Pansi penipeni pamatsala zolemera, monga vanila, musk (kafungo kofewa, kofunda) ndi fungo la mitengo, zimene zimamatirira pakhungu mpaka madzulo. Perefyumu wa maluwa wopepuka amakhala ndi zapansizo pang'ono, n'chifukwa chake ndi wopepuka, n'chifukwa chakenso sachedwa kutha. Kufuna kuti akhale wopepuka komanso afike usiku kuli ngati kufuna phala lamadzimadzi lokhalitsa m'mimba ngati nsima. M'dzuwa la October, maola atatu kapena anayi ndi zabwino ndithu.

Chinanso, mphuno imatopa. Fungo limene lili nanu nthawi zonse ubongo umasiya kulilabadira, monga momwe anthu a padoko samvera fungo la usipa limene mlendo amalimva akadali patali. Inu mukuti watha, koma mnzanu wa pa desiki akumumvabe. Musanawonjezere, funsani kaye munthu amene simuchita naye manyazi.

Zimene zimandithandiza ine ndi izi. Ndimapopera ndikangosamba, khungu lisanaumiretu. Pamalo popoperapo ndimayamba ndapakapo kavaselini kopanda fungo, kochepa kwambiri, chifukwa mafuta amagwira fungo pomwe khungu louma limalitaya msanga. Sinditikita mikono ndikapopera, ndimangosiya ziume zokha. Ndipo ndimayenda ndi kabotolo kakang'ono m'chikwama, masana ndikasukusula n'kupoperanso kamodzi.

Ine ndimakonda zotsekemera. Koma zina zimandipweteketsa mutu. Chimachitika n'chiyani?

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa funso ili limabwera pafupifupi sabata iliyonse, makamaka kwa atsikana.

Kutsekemera kuli mitundu. Kulipo kutsekemera kwa duwa, monga kwa maluwa a ndimu ndi a malalanje akamaphuka, kumene kumakhala ndi kakuwawira pang'ono mkati ndipo sikukola. Kulipo kwa chipatso, monga pichesi, peyala la chizungu kapena sitiroberi, kumene kumamveka ngati kuli ndi madzi. Ndiye kulipo kwa shuga, kuja kwa keke, kwa switi, kwa shuga wopsereza pamoto. Mitundu iwiri yoyambayo imagwirizana ndi dzuwa. Wachitatuwu ndi umene umapweteketsa mitu, chifukwa ukakumana ndi kutentha ndi thukuta umalemera, n'kumata pammero ngati mwamwa tiyi wothira masupuni asanu ndi limodzi.

Fungo la shugali lili ndi mbiri yake. Limachokera kwambiri ku mankhwala otchedwa ethyl maltol, amene amanunkhira ngati switi ija ya shuga yooneka ngati thonje. Perefyumu wotchedwa Angel, wa Thierry Mugler, amene anatuluka mu 1992, ndiye anatchukitsa kathiridwe kochuluka ka mankhwalawa, ndipo kuyambira pamenepo makampani ambiri akhala akutsatira njira imeneyo. N'chifukwa chake mabotolo ambiri a pinki amene ali pamsika lero, ngakhale ajambulidwe duwa, mkati mwake mumakhala keke.

Vanila ndi nkhani ina, ndipo ndimamulemekeza. Ambiri sadziwa kuti vanila amachokera ku duwa la mtundu wa orchid, ndipo dziko limene limalima wambiri ndi Madagascar, pafupi nafe pompa. Duwa lake limatseguka tsiku limodzi lokha, ndipo alimi amalikwatitsa ndi manja, limodzilimodzi, pogwiritsa ntchito kamtengo ngati kotokosera m'mano. Njira imeneyi anaitulukira ndi mnyamata wa zaka 12, Edmond Albius, amene anali kapolo pachilumba cha Réunion, m'chaka cha 1841. Ife a kunyanja kuno, amene makolo athu anaona akapolo akuwolotsedwa pa Nkhotakota, nkhani ya mwana ameneyu siyenera kutidutsa chabe. Vanila wa m'maperefyumu ambiri masiku ano ndi wopangidwa kufakitale, koma ngakhale ameneyo, akathiridwa pang'ono pansi pa maluwa, amafewetsa zonse ngati nsinjiro m'ndiwo zamasamba. Akachuluka ndiye amakwirira maluwawo.

Choncho mukamayesa, dzifunseni kuti: kutsekemera kumeneku kukundikumbutsa munda kapena bekale? Ngati ndi bekale, musungireni June ndi July.

Nanga inuyo, amene mumawakonda ndi ati?

Ena mwa amene nditchule ndi odula, ndipo ine ndinawadziwira m'timabotolo totsala ta alendo ndi timasampulo timene msuweni wanga wa ku Joni amanditumizira. Ndikuwatchula kuti mudziwe mtundu wa fungo, chifukwa otsika mtengo ambiri amatsanzira omwewa.

Amene ali pamtima panga ndi Pleasures wa Estée Lauder, wa mu 1995. Ndinayamba kumumva pa mayi wina wachikulire amene anabwera kudzapuma kunyanja. Kwa ine amanunkhira ngati bwalo la maluwa mvula yoyamba itangokata, masamba akadali onyowa. Muli kakombo, muli rozi, ndi kena kothetsula pang'ono ngati tsabola wakutali. Shuga mulibe, kutsekemera kwake ndi kwa duwa lokha. Ndikamudzola ndimamva ngati ndasamba kawiri.

Chloé, uja wa mu 2008 wa kariboni pakhosi pa botolo, ndi rozi wochapidwa bwino. Amandikumbutsa bulauzi yoyera yoyanikidwa padzuwa n'kusitidwa. Ndi EDP, ndiye kuno kupopera kamodzi kwakwana. Ndimaona kuti amakhala bwino kwa aphunzitsi ndi amayi a mu ofesi, anthu amene amafuna kununkhira ukhondo osati phwando.

Daisy wa Marc Jacobs, wa mu 2007, wa chivindikiro cha maluwa oyera, ndi wa atsikana ndi onse amene mtima wawo ukadali wa chitsikana. Amayamba ndi kasitiroberi ndi masamba aawisi, kenako kaduwa kofatsa ka violet. Sakhalitsa pakhungu langa, koma maola amene amakhalawo ndi osangalatsa, ndipo sindinamvepo munthu akudandaula naye mu minibasi. Bright Crystal wa Versace, wa mu 2006, ali m'banja lomwelo, koma iye ndi wamadzimadzi, wozizirira, ngati mwatsegula zenera loyang'ana kunyanja m'mamawa.

J'adore wa Dior, wa mu 1999, ndi wokongola kwambiri, wa maluwa a ylang-ylang, rozi ndi jasmine, koma kwa ine ali pamalire. M'mawa wa Lamulungu popita kutchalitchi amakhala bwino. Masana a November ndimamusiya. Anaïs Anaïs wa Cacharel, wa mu 1978, ndi wa amayi athu, kakombo woyera ndi kafungo ka paudala. Atsikana amati ndi wachikale. Ine ndikamumva ndimaona mayi wovala chilundu chake bwinobwino, duku lomangidwa mwaluso, akupita ku Mvano, ndipo ndimamukonda chifukwa cha chimenecho.

Mwa amene ambirife tingakwanitse, Far Away wa Avon, amene amabwera ndi amayi oyenda ku Joni, ndi maluwa okhala pa vanila, wofunda, ndipo ndimamudzola nyengo yozizira. Yara wa Lattafa, wa botolo la pinki wochokera ku United Arab Emirates, amene atsikana akumufuna kwambiri masiku ano, ndi wa mkaka, vanila ndi zipatso kuposa maluwa. Ndi wokoma, koma ndi wa gulu la bekale lija, ndiye kamodzi kokha, ndipo makamaka madzulo.

Ndizipopera kangati?

Kawiri. Kamodzi m'munsi mwa khosi, kamodzi pamkono. Ngati ndi body mist mukhoza kufika kanayi.

Chiwerengero chimenechi ndinachiphunzira movutika. Chaka china mu November azakhali anga, amene anandilera, anagonekedwa m'chipatala. Ndinaphika phala, n'kusamba, n'kudzipopera perefyumu watsopano wotsekemera kwambiri, kasanu kapena kuposa, poganiza kuti ndikawasangalatse ndi kubisa fungo la mankhwala la m'wodi. Nditawerama kuti ndiwadzutse, anatembenukira kukhoma. Anati, "Mwanawe, takhala uko pang'ono, fungolo likundichititsa nseru." Phala lija anawamwetsa mayi wina amene ankadikirira wodwala wa bedi loyandikana nalo, ine nditakhala pakhonde. Ndinalira, chifukwa ndinayenda ulendo wonsewo kuti ndikhale pafupi nawo, ndipo chimene ndinadzola ndicho chinandichotsa pambali pawo. Mawa lake ndinapita nditangosamba ndi sopo, ndipo anandigwira dzanja mpaka anagona.

Kuyambira pamenepo kuchipatala ndi kumaliro sindidzola kanthu. Mu minibasi ya ku Lilongwe, mmene mumakhala anayi pampando kwa maola awiri, mawindo ena osatseguka, ndimapopera kamodzi kokha kapena kudikira ndikatsike. Simudziwa amene mwakhala naye. Wina ndi woyembekezera, wina ali ndi mphumu, wina mutu waching'alang'ala umamuyamba ndi fungo, ndipo ambiri sanena, amangopirira.

Ndimagulitsa nsomba. Ndi perefyumu uti angabise fungo lake?

Palibe, mayi, ndipo musataye ndalama zanu. Maluwa akasakanikirana ndi usipa pamatuluka fungo lachitatu loipa kuposa awiriwo. Chimene chimachotsa fungo la nsomba m'manja ndi ndimu kapena viniga, chifukwa kuwawasa kwake kumapha mankhwala amene amanunkhawo. Tikitani ndimu m'manja ndi m'zikhadabo, sambani ndi sopo, ndipo zovala za kudoko zikhale ndi chikwama chakechake. Duku ndi lofunika, chifukwa tsitsi limasunga fungo kuposa khungu. Mukatero, madzulo mutasamba n'kusintha, kaperefyumu ka maluwa a malalanje kamakhala bwino kwambiri pa inu. Makasitomala anga ena okhulupirika ndi amayi a nsomba, ndipo amadziwa kusankha.

N'chimodzimodzi ndi thukuta. Perefyumu si wa m'khwapa. M'khwapa ndi mwa sopo ndi roll-on, ndipo roll-on wake akhale wopanda fungo lamphamvu kuti asalimbane ndi maluwa anu.

Pa mnzanga amanunkhira bwino, pa ine amasanduka. Chifukwa chiyani?

Khungu si limodzi. Lina ndi lamafuta, lina louma, lina limatuluka thukuta kwambiri, ndipo sopo ndi mafuta amene mwadzola kale zimalowererapo. Amene amasanduka kawirikawiri ndi maluwa oyera, jasmine ndi tuberose. M'maluwa amenewa muli kamankhwala kachilengedwe kotchedwa indole, kamene kakakhala kochepa kamapatsa duwa moyo, koma pakhungu lotentha kamatha kukwera n'kumamveka ngati maluwa ofota amene akhalitsa m'madzi. Ngati zimakuchitikirani, yesani a rozi, a peony kapena a maluwa a malalanje.

N'chifukwa chake pashopu panga sindilola munthu kugula atangonunkhiza chivindikiro. Ndimamupopera pamkono, n'kumuuza kuti apite akagule tomato ndi zina zonse, azungulire msika, abwere patatha theka la ola. Ena sabwerera, ndipo palibe vuto. Amene wabwerera amagula chinthu chimene wachidziwa padzuwa, osati pamthunzi.

Ine ndine Msilamu. Alipo opanda mowa?

Opanda sipiriti uja alipo ambiri, achemwali. Ndi aja amafuta, a timabotolo ting'onoting'ono tokhala ndi kampira kogubuduza pakhungu, monga a Al-Rehab ochokera ku Saudi Arabia, amene amapezeka m'mashopu ambiri kuno ndi ku Nkhotakota. Muli a rozi, a jasmine ndi a musk woyera, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Kunyanja kuno mafuta onunkhira ndi lubani si zachilendo. Nkhotakota yakhala ikulumikizana ndi anthu a ku Zanzibar kuyambira nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, ndipo Lachisanu lililonse mukadutsa pafupi ndi mzikiti mumamva abambo atadzola mafuta awo.

Mafutawa ali ndi ubwino wina kwa aliyense, Msilamu kapena ayi: popeza mulibe sipiriti wowamwaza, amakhala pafupi ndi thupi ndipo amatha pang'onopang'ono. Kadontho kamodzi kuseri kwa khutu ndi pamkono kakwana. Samalani ndi zovala zowala, chifukwa amasiya banga. Za nthawi ndi malo amene mayi wachisilamu angadzole fungo, amene angakuyankheni bwino ndi ashehe anu.

Kodi m'botolomo mumakhaladi maluwa enieni?

Pang'ono mwa odula, ndipo mwa otchipa pafupifupi mulibe. Musakhumudwe nazo. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi pamafunika matani atatu kapena kuposerapo a maluwa, othyoledwa ndi manja m'mamawa dzuwa lisanawaume, ku Bulgaria ndi ku Turkey. Jasmine wambiri amachokera ku Egypt ndi ku India, ndipo ku Egypt amathyola usiku mpaka mbandakucha, nthawi imene duwalo limanunkhira kwambiri. Ylang-ylang, duwa lachikasu limene lili mu Chanel No. 5 wa mu 1921, limalimidwa ku Comoros ndi ku Madagascar. Ndikaganiza za amayi amene amaweramira maluwa amenewa ndi madengu, ndimaona amayi athu a m'minda ya mpunga ku Lifuwu.

Maluwa ena salola n'komwe kutulutsa mafuta. Kakombo kakang'ono ka ku Ulaya kotchedwa muguet n'kotero, ndipo fungo lake lonse la m'maperefyumu ndi lopangidwa ndi akatswiri posakaniza mankhwala. Diorissimo, amene Edmond Roudnitska anapanga mu 1956, anatchuka chifukwa cha luso limeneli. Choncho mawu oti "wopangidwa" sakutanthauza "wabodza". Kupepuka kumene timakukondaku nthawi zambiri kumachokera ku mankhwala otero, monga hedione, amene amamveka ngati jasmine wopitidwa mphepo.

Nanga aja otchipa olembedwa mayina akuluakulu, ndi aja othira m'timabotolo?

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Alipo amene amanena poyera kuti ndi ofanizira, ali ndi dzina lawolawo ndi la kampani imene yawapanga. Amenewo ndimagulitsa ndipo ndimadzola. Ndiye alipo amene avala dzina la eni ake, bokosi lonyezimira, koma mtengo wake wofanana ndi wa nkhuku imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto si kutha msanga kokha, koma kuti simudziwa chimene athiramo, ndipo chikupita pakhungu lanu. Ndinaonapo mtsikana khosi lonse lili zidzolo chifukwa cha botolo lotere.

Yang'anani nambala imene imadindidwa pansi pa botolo ndi pansi pa bokosi, ziyenera kufanana. Werengani zilembo, chifukwa achinyengo amalakwitsa kalembedwe. Onani ngati chopopera chikudontha kapena kugwedera. Kwa othira m'timabotolo, gulani kwa munthu amene mukumudziwa, amene mawa mukamupeza pamalo pomwepo, ndipo yambani mwayesa kadontho mkati mwa chigongono n'kudikira tsiku limodzi. Pakayabwa kapena kufiira, musapitirize.

Botolo limodzi lingandifikitse pati?

Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mililita. Botolo la 50 ml ndiye kuti muli mapopedwe pafupifupi 500, ndipo mukamapopera kawiri patsiku likufikitsani miyezi isanu ndi itatu. Ngati m'nyumba muli achemwali anu aang'ono, chotsanipo theka.

Ndisunge pati? Kwathu n'kwa malata, masana kumatentha ngati uvuni.

Adani a perefyumu ndi dzuwa, kutentha ndi mpweya. Pawindo ndi pa dressing table yowombedwa ndi dzuwa ndi pamene ambiri amafera, ndipo a maluwa ndi a ndimu ndiwo amayamba kufa. Mukaona madzi ake ada ngati tiyi, fungo loyamba n'kumamveka ngati viniga, ndiye kuti wapita. Musataye bokosi lake. Mubwezereni m'bokosimo, n'kumuika pansi pa sutikesi pakati pa zitenje, kapena m'kabati ya m'munsi kuchipinda kozizirirapo. Zitenjezo zimatengako kafungo, ndiye mwapindula kawiri. Mabotolo ambiri amakhala ndi kachithunzi ka chitini chotsegula cholembedwa 24M kapena 36M, kutanthauza miyezi imene angakhale bwino mutamutsegula. Kuno kotenthaku ndi bwino kugula botolo laling'ono n'kulimaliza, kusiyana ndi lalikulu lokhala zaka.

Chinanso chimene ndimachinena kwa aliyense: sipiriti amayaka. Magetsi akazima musapopere pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula, ndipo botolo likhale patali ndi ana.

Ndingapopere pa zovala kapena pa tsitsi?

Pa chitenje ndi pa nsalu za thonje zakuda bwino, inde, mutatalikitsa botolo, ndipo fungo limakhalitsa kuposa pakhungu. Pa yunifolomu yoyera, ya kutchalitchi kapena ya kuntchito, ayi, amasiya chikasu. Pa tsitsi sipiriti amaumitsa, ndiye poperani pa duku kapena pa chipeso. Ndipo malo amene dzuwa limawomba mwachindunji, monga pachifuwa chapamtunda, ndi bwino kuwapewa ngati mukhala panja tsiku lonse, chifukwa mafuta ena a zipatso za mtundu wa ndimu, makamaka bergamot, akakumana ndi dzuwa amatha kusiya mawanga akuda pakhungu.

Ndili ndi khanda. Ndisiye kudzola?

Kwa miyezi yoyambirira, ine ndingati pumulani kaye, kapena poperani kumunsi kwa chitenje kokha. Mwana amadziwa mayi ake ndi fungo la thupi lawo, ndipo nkhope yake imakhala pachifuwa ndi pamsana panu tsiku lonse. Pachifuwa musapopere konse pamene mukuyamwitsa. Mwanayo musamupopere, ngakhale zovala zake kapena mbereko. Fungo la khanda losambitsidwa palibe botolo limene lingalipose.

Madamu, ndikufuna kugulira akazi anga, koma sindidziwa za zimenezi. Ndiyambire pati?

Mwachita bwino kufunsa, bambo, chifukwa ambiri amangoloza botolo lalikulu kwambiri. Yambani kunyumba. Onani mafuta amene mayi amadzola ndi sopo amene amasankha akagula okha. Ngati amakonda za fungo la koko ndi vanila, adzakonda maluwa ofunda. Ngati amakonda sopo wa fungo la ndimu ndi zovala zonunkhira dzuwa, apezereni a rozi kapena a maluwa amadzimadzi aja. Ngati pali botolo limene linatha koma sanalitaye, lijambuleni pafoni mubwere nalo, chifukwa mkazi sasunga botolo lopanda kanthu popanda chifukwa.

Ganizaninso za kumene amakhala tsiku lonse. Namwino, mphunzitsi wa ana aang'ono ndi mayi wophika zogulitsa amafunika chopepuka kwambiri. Ndipo gulani kabotolo kakang'ono kaye. Akakakonda mudzamva okha akukuuzani kuti katsala pang'ono.

Inunso musaope maluwa. Abambo achiarabu amadzola rozi kuyambira kalekale, ndipo Eau Sauvage wa Dior, perefyumu wa abambo wa mu 1966, anatchuka ndi hedione yemwe uja wonga jasmine. Ambiri mwa amene mumadzola kale muli maluwa, kungoti pabokosi sanajambulepo.

Mwera ukayamba ndisinthe?

Ngati mungathe, inde. Kuyambira May mpaka August, mwera ukamawomba, m'mawa kuli kachisanu ndipo khungu limauma n'kuchita mbuu, maluwa amadzimadzi aja amamveka ngati akulankhula monong'ona, mwina osamveka n'komwe. Imeneyo ndiyo nyengo yotulutsa aja munawabisa pansi pa sutikesi, a vanila, a mkaka, a jasmine wokhuthala. Dzolani mafuta okwanira kaye, chifukwa pakhungu lothetheka fungo silikhala, kenako poperani kamodzi mkati mwa juzi musanaivale. Ubweya umasunga fungo mpaka mawa lake, ndiye tsiku lotsatira nunkhizani juziyo musanawonjezere. Mango akayamba maluwa ndipo fumbi la August likayamba kutenthera, ine ndimabwezera Far Away m'bokosi mwake n'kutulutsa Pleasures.